Maenje Khumi ndi Awiri ku Lengwe

Mayi amafunsa m'mawa uliwonse
ndikamamanga zingwe za jombo zobwereka:
"Ndi ntchito yanji yopanda tsiku lolandira?
Anzako akupalira nzimbe ku Nchalo,
mwezi ukatha foni zawo zimalira."
Ndimati kalata, mayi.
Miyezi isanu ndi umodzi ikakwana
adzandilembera kalata ya chidindo.
Iwo amati kalata sigula mchere.

Wakabaza amanditsitsa pageti
dzuwa lisanayambe mwano.
Tilipo asanu ndi awiri, ongodzipereka,
madipuloma athu ali m'masutikesi
akucheza ndi njenjete.
A Thenesi, mfuti paphewa, amatigawira zikwanje:
lero tizula nimu wolowerera m'nkhalango,
mawa titola mawaya a misampha.

Nimu ndi mlendo wosadziwa kutsanzika.
Ukamudula amaphuka mitu inayi.
Jofilisi amati tikungomumeta,
timaseka, matuza ali m'manja.

Mu Okutobala mphepo imachokera m'ng'anjo.
Madzi a m'chigubu amafika pambande atafunda ngati tiyi.
Amene anatitsogolera anabzala mitsanya mazana atatu;
dzulo ndinawerenga, buku m'manja:
makumi anayi ndi umodzi.
Ina njiri zinafukula,
ina njati inaponda popita kudziwe, osapepesa,
ina inangotopa.

Lachinayi anatitengera kufupi ndi malire,
kumene nthaka ili ndi zipsera zakuda,
mauvuni akale a makala.
Ndinaima pa chimodzi.
Pambali pake panali mlambe wong'ambika pamimba,
ndipo ndinauzindikira.
Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi
ndinabweretsa pano madzi ndi mbatata yootcha,
usiku, tochi yozimitsa,
malemu bambo akukwirira zipika ndi dothi, akutsokomola.
Matumba aja anakwera njinga mpaka pa Dyeratu,
anasanduka yunifolomu,
anasanduka fizi,
anasanduka pepala lija lili m'sutikesi.

Sindinauze munthu.
A Thenesi anandiyang'ana, nayang'ana mlambe.
Zaka makumi awiri akuyenda m'tchire muno,
phazi la aliyense amalidziwa.
Anangoti, "Zinenani, phulusa lakale ndi manyowa.
Kumba apa."

Ndinakumba.
Khasu linkatulutsa timakala
tonyezimira ngati tazima dzulo.
Maenje khumi ndi awiri.
Sindikuti ndikubweza ngongole:
mtsanya suthamanga,
umene bambo anagwetsa tsiku limodzi
unali utaona agogo awo ali kumsana.
Ndiponso bambo sanali mbala kwa ine.
Anali munthu wa ana asanu
ndi munda umene mtsinje wa Mwanza unakwirira ndi mchenga.

Pobwerera, boo wamphongo anatuluka m'ziyangoyango,
mizere yoyera m'nthiti,
miyendo ngati wavala sokosi zachikasu.
Anatiyang'ana monga mwini nyumba
amayang'anira amisiri ofolera denga lake,
osathokoza, osadandaula,
kenaka analowanso.
Jofilisi anaiwala kujambula.

Kunyumba mayi anaona makala m'zikhadabo zanga.
Anagwira dzanja langa, nalitembenuza.
"Mwafika kuja?"
Ndinavomera ndi mutu.
Anakhala chete mpaka nkhuku zitalowa,
mpaka utsi wa nzimbe zootchedwa
utafiira kummawa ngati tsiku lina likucha.

M'mawa, ndikumanga zingwe,
mawu anachokera kuseri kwa nyumba
pamodzi ndi kulira kwa tsache:
"Maenje akowo musabzale ndi mvula yoyamba.
Yoyamba imanama.
Bambo ako ankadikira yachiwiri."

Tsache linapitiriza pang'ono, linaima.
"Nanga za malipiro zija, sananenebe?"